Bala Losatuluka Magazi

Amalume anga anabwerako ku Joni ali ndi zala zonse khumi. Amayi anazinena zimenezi kangapo tsiku limene anafika, uku akuwasisita manja ngati sakukhulupirira, chifukwa m'mudzi mwathu munali kale bambo wina amene mgodi unamudya zala zitatu, ndi wina amene ankayenda chotsimphina mwala utamuphwanya phazi. Amalume analibe chipsera ngakhale chimodzi. Anatsika basi ndi bokosi lachitsulo, wailesi, mabulangete awiri ndi jekete lalitali limene ankalivala ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Tinapha mbuzi, anthu anavina mpaka mbandakucha, ndipo agogo anagwada n'kuthokoza Chauta kuti mwana wawo dzenje lamulephera.

Sitinadziwe kuti mgodiwo anabwera nawo kumudzi, uli m'chifuwa.

Panapita zaka zoposa khumi ali bwinobwino. Ankalima, anafolera nyumba ndi malata, ankapalasa njinga kupita kumsika. Kenaka tinayamba kuona kuti pochokera kudimba, pa kamtunda kamene ngakhale nkhalamba zinkakwera zitasenza nkhuni, iwo ankaima kawiri, dzanja lili m'chiuno, ali befu. Chifuwa chinatsatira. Kuchipatala anawayeza makhololo n'kupeza chifuwa chachikulu, ndipo masiku amenewo munthu ankagonekedwa miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku. Kachilomboko kanafa, koma befu sanathe. Patapita zaka ziwiri TB inabweranso. Ulendo wachitatu makhololo sanasonyeze kanthu, koma munthu akungotha tikuona. Pamenepo mudzi unayamba kufufuza mwa njira yake. Ena anati awalodza chifukwa cha malata aja. Ena, ndipo awa ndi amene amandipweteka mtima mpaka lero, anati ndi mdulo, n'kuloza chala akazi awo kuti anathira mchere m'ndiwo ali ndi mlandu. Mayi aja analira pawiri, kulira mwamuna ndi kulira manyazi a chinthu chimene sanachite. Amalume anamwalira atakhala tsonga, atatsamira khoma, chifukwa akati agone chagada mpweya unkawathawa.

M'zaka zonsezo, kuchipatala, kwa asing'anga, ngakhale pabwalo la amfumu pamene nkhani ya mdulo inakafika, palibe anawafunsa kuti, "Kodi bambo, munkagwira ntchito yanji?"

Funso limeneli silinayambe ndi ine. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anatulutsa buku la matenda a anthu apantchito m'chaka cha 1700, ndipo analangiza madokotala anzake kuti pa mafunso onse amene amafunsa wodwala awonjezerepo lakuti wodwalayo amagwira ntchito yanji. Papita zaka zoposa 300, koma kwathu kuno timafunsabe kuti chikukupwetekani n'chiyani, chinayamba liti, kenaka n'kulemba mankhwala. Ana anga, amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Angawa ndikupempha kuti muwamve asanagonere, chifukwa akadzagonera mapapo adzakhala atauma kale.

Ife tikamva kuti munthu wavulala pantchito timaganiza za magazi: macheka adula chala, khoma lagwera mmisiri, wa kabaza wagundidwa ndi minibasi. Zoterezo zimaoneka, anthu amathamangira, amaimitsa galimoto. Koma pali kuvulala kwina kumene kumachitika pang'onopang'ono, tsiku lililonse lantchito, munthu akuseka ndi anzake. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mwala umene mumakhala golide ku Witwatersrand ndi wolimba kwambiri, wodzaza ndi chinthu chimene akatswiri amachitcha silika, chomwe chija chimapanga nsangalabwi ndi mchenga wa kumtsinje. Pobowola ndi pophulitsa, mwalawo umasanduka fumbi. Fumbi lalikulu limene timaliona, limene limatiyetsemulitsa, mphuno imaligwira ndipo timalimina. Loopsa ndi losaoneka lija, loti tinthu take toposa khumi titandandalikana ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Limeneli limatsika mpaka kumathero a mapapo, ku timatumba ta mpweya. Kumeneko kuli asilikali a m'thupi amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo. Akameza kachilombo amakapha. Koma mwala sugayika. Msilikali akaumeza ndiye amafa iyeyo, kamwala kaja n'kutsala, mnzake n'kubwera kudzakameza, nayenso n'kufa. Pamalo pa nkhondo yosathayo pamatsala chipsera. Zipsera zikachuluka, mapapo amene anali ofewa ngati siponji amauma ngati chikumba choyanika padzuwa. Matendawa dzina lake ndi silikosisi, ndipo alibe mankhwala ochiza.

Chimene chinatisokoneza ife kumudzi n'chakuti matendawa amapitirira munthu atasiya ntchito. Tinkati angadwale bwanji ndi mgodi umene anauchoka kalekale? Akatswiri awiri, Hnizdo ndi Sluis-Cremer, anatsata azungu oposa 2,000 ogwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo mu 1993 analengeza kuti mwa amene anadwala silikosisi, oposa theka matendawo anaonekera iwo atachoka kale mumgodi. Fumbi likalowa silituluka, limangopitiriza kugwira ntchito yake mumdima. Ndiponso asilikali omwe aja amene amafa ndi fumbi ndi amenenso amatiteteza ku chifuwa chachikulu. N'chifukwa chake munthu wa silikosisi amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa mnzake wopanda zipserazo, monga anapezera dokotala Cowie mu 1994 pakati pa anthu akuda a m'migodi. Kachilombo ka HIV kakafikanso pamenepo, mavuto awiriwa samangowonjezerana, amachulukitsana. Amalume sanali ndi tsoka la TB kawiri mwangozi. Khomo linali lotsekula kale.

Chondiwawa n'chakuti zimenezi zinkadziwika kale kwambiri. M'zaka za 1902 ndi 1903 boma la ku Transvaal linali litakhazikitsa kale gulu lofufuza za matenda a m'chifuwa a anthu a m'migodi, amene azungu ankawatcha phthisis. Pofika 1912 kunali lamulo la chipukuta misozi. Mu 1930 msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za silikosisi unachitikira mu Johannesburg momwemo, ndipo dziko la South Africa linkatamandidwa kuti ndilo likutsogola pa nzeru zimenezi. Koma nzeruzo zinkagwa mbali imodzi ngati mvula ya mpoto. Mzungu ankajambulidwa pachifuwa kawirikawiri, akadwala ankalipidwa, ankasamalidwa. Munthu wakuda ankabwera pa kontirakiti, ikatha ankabwezedwa kwawo, ndipo akayamba kutsokomola ali ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Tete, palibe buku la ku Joni limene linkamulemba.

Makolo athu anayamba kufera kumeneko kale. Anthu ochokera kumpoto kuno ankafa ndi chibayo mochuluka kwambiri m'makomboni a migodi, moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito anthu ochokera m'maiko otentha ano. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Wenela inatsekula njira imene inameza mibadwo iwiri ya anyamata athu. Mpaka lero ku Blantyre okwera basi amati "ndikatsikira pa Wenela", ambiri osadziwa kuti dzinalo ndi la bungwe limene linkatengera agogo awo kumigodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Dziko lonse linalira. Kamuzu analetsa Wenela, anthu zikwizikwi anabwerera, ndipo amalume anali m'gulu limenelo. Kulemba kunayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, imene ife tinkati Theba, mpaka pamene mkangano wa kuyeza HIV unatseka njirayo kuyambira 1988. Anthu 74 aja tinawawerenga chifukwa anafa tsiku limodzi, malo amodzi. Sindikuchepetsa imfa yawo, ena mwa iwo anali a m'dera lathu. Koma amene anafika kwawo ali moyo, fumbi lili m'chifuwa, n'kumafa mmodzimmodzi m'zaka makumi atatu zotsatira, aliyense m'mudzi mwake, aliyense ndi dzina lina la matenda, amenewo mbendera sinatsitsidwe.

Ngakhale ovulala ooneka aja anali ochuluka moti mutu umazungulira. Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Leon linanena mu 1995 kuti anthu oposa 69,000 anafa pangozi m'migodi ya ku South Africa kuyambira 1900 kufika 1993, ndipo oposa miliyoni imodzi anavulala kwambiri. Ku mgodi wa Kinross kokha, pa 16 Seputembala 1986, moto unapha anthu 177 tsiku limodzi. Gulu lomwelo linanenanso mawu amene anthu ambiri sanawalabadire: kuti kuchuluka kwa fumbi m'migodi sikunasinthe kwenikweni kwa zaka pafupifupi 50.

Choonadi chinayamba kutuluka pamene akafukufuku anasiya kudikira pakhomo la mgodi n'kutsatira anthu kumudzi. Ichi ndicho ndimachilemekeza pa ntchito yawo. Ku Thamaga m'dziko la Botswana, kafukufuku wa 1997 anajambula amuna amene anagwirapo ntchito m'migodi, n'kupeza kuti oposa mmodzi mwa anayi alionse anali ndi mapapo owonongeka ndi fumbi. Ku Libode, ku Eastern Cape, Anna Trapido ndi anzake mu 1998 anapeza pakati pa 22 ndi 36 pa 100 alionse, malinga ndi katswiri amene ankawerenga zithunzizo. Kafukufuku wa anthu a ku Lesotho wa 2008 anapezanso pafupifupi mmodzi mwa anayi. Ambiri mwa anthu amenewa anali asanalandire chipukuta misozi chowayenera, ena osadziwa n'komwe dzina la chimene chikuwadya. Tsono taganizani. Mwala unali womwewo, makina omwewo, chikepe chotsikira pansi chomwecho. Mtswana, Mxhosa ndi Msotho ankabowola limodzi ndi Mmalawi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma apa sichinadikire mawa, chinatiwona tsiku limodzi.

Umboni wina unachokera kwa akufa. Lamulo la ku South Africa la 1973 limalola kuti munthu wa mumgodi akamwalira, abale ake akavomera, mtima ndi mapapo ake zipimidwe ku Johannesburg kuti aone ngati banja liyenera kulipidwa. Ndikudziwa kuti kwa ife nkhani yochotsa ziwalo za maliro ndi yolemera, ndipo sindikuinena mopepuka. Koma mapapo amenewo anayankhula zimene eni ake sanaloledwe kunena. Gill Nelson, Jill Murray ndi anzawo atawerenga zolembedwa za zaka zoposa 30, anapeza kuti mwa anthu akuda a m'migodi ya golide amene anapimidwa, a silikosisi anali 3 pa 100 alionse mu 1975, koma pofika 2007 anali 32 pa 100 alionse. China mwa zifukwa zake n'chakuti m'zaka zapambuyozi anthu ankakhalitsa pantchito, n'kumakalambira pomwepo, m'malo mobwezedwa kumudzi matenda asanaoneke. Ndiye kuti nambala yaing'ono ya 1975 ija siinkatanthauza kuti anthu anali bwino. Odwala ambiri anali kwathu kuno, akunamiziridwa mdulo.

Pali kafukufuku wina amene ndikufuna achinyamata ophunzira amudziwe, chifukwa amaphunzitsa kudzichepetsa. Dzina lake ndi Thibela TB, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Anachitika pakati pa anthu a m'migodi ya golide oposa 78,000. Maganizo anali akuti m'migodi ina aliyense wovomera ayezedwe, ndipo amene alibe TB amwe mankhwala oteteza a isoniazid kwa miyezi isanu ndi inayi, kuti matendawo aphwe pamalo ponsepo. Mankhwalawo ankamuteteza munthu pamene akumwa, koma atasiya chitetezo chinatha msanga, ndipo TB m'migodimo sinatsike. Mapiritsi okha analephera pamalo pamene fumbi likufukabe ndipo anthu akupatsirana mpweya mothithikana. Ukafuna kuumitsa nyumba, suyamba n'kukolopa denga likudontha.

Chipukuta misozi chinabwera mochedwa, ndipo chinachita kulimbanirana. Thembekile Mankayi anagwira ntchito mumgodi wa golide, anadwala, n'kupatsidwa R16,320 basi. Anakasuma, ndipo pa 3 Malichi 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti anthu a m'migodi ali ndi ufulu wosumira mabwana awo. Iye anali atamwalira masiku ochepa chigamulocho chisanaperekedwe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: anzake zikwizikwi anaphatikiza milandu yawo kukhala umodzi, khoti linavomereza mu 2016, ndipo mu 2018 makampani asanu ndi imodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anagwirizana zopereka ndalama zokwana R5 biliyoni. Khoti linavomereza mgwirizanowo mu Julayi 2019, ndipo panakhazikitsidwa thumba lotchedwa Tshiamiso Trust. Limakhudza amene anagwira ntchito m'migodi yovomerezeka ya makampani amenewa pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, amene anadwala silikosisi kapena TB yochokera kuntchito, komanso amasiye a amene anamwalira nazo. Silisankha dziko la munthu. Koma lili ndi malire a zaka 12, ndipo limafuna umboni: unagwira kuti, liti, ndipo chipatala chinalemba chiyani.

Pamenepo ndi pamene ife timagwera. Mapepala a amalume anali m'bokosi lachitsulo lija. Atamwalira, bokosilo linagawidwa pa chuma cha masiye, mapepala anatayidwa pansi, ena ana anakutira makope a kusukulu, otsala chiswe chinadya. Kuchipatala kunalembedwa kuti chifuwa, osatchula mgodi. Madzi akatayika saoleka.

Tsono ndiyankhule nanu inu amene muli moyo.

Inu abambo anga amene munapita ku Joni, ku Wankie, ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ndi inu amayi amene munatsala nawo: musachite manyazi ndi chifuwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko; musadikire kuti dokotala akufunseni, yambani ndinu. Nenani kuti, "Adokotala, ine ndinagwira mumgodi zaka zakutizakuti, ndinkabowola miyala." Pemphani kuti mawu amenewo alembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo pemphani kujambulidwa pachifuwa, chifukwa silikosisi saoneka m'makhololo. Akakupezani nawo, musataye mtima poti alibe mankhwala. Kudziwa kumathandiza: muzikayezetsa TB msanga mukangoyamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amachiza mukamaliza miyezi isanu ndi umodzi, yezetsani HIV, siyani fodya, musakhale m'khitchini yofuka utsi. Ndipo chenjerani ndi anthu oyenda m'midzi ndi zikwama, onena kuti lipirani kangachepe tikulembeni pa ndalama za a Theba. Kulembetsa ku thumba lija salipiritsa. Safunsa anadya phula: kafunseni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu musanatulutse ndalama ya mbuzi yanu.

Koma sindinalembe izi chifukwa cha nkhalamba zokha. Fumbi lomwelo likufuka pakhomo pathu. Pitani m'mbali mwa mapiri a ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe, mukaone amayi atakhala pansi, miyendo tambalale, akuswa miyala ya kwale ndi hamala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwana ali kumbuyo, nkhope zonse ziwiri zili mbuu. Pitani kumene anyamata akukumba golide m'maenje opanda mpweya, akusinja mwala wouma mumtondo wachitsulo. Onani wodula matailosi ndi makina, mutu wake uli mu mtambo woyera. Mwala wa kwathu nawonso uli ndi silika. Ndipo fumbi likachuluka kwambiri silidikira zaka makumi awiri ngati la amalume; limatha kumaliza munthu m'zaka zisanu, nthawi zina zochepera. Madokotala a ku Zimbabwe ayamba kale kupeza silikosisi mwa anyamata okumba golide pawokha, anthu oti sanafike n'komwe zaka 40. Amenewa alibe kampani yoti adzaisumire.

Sindikuti siyani ntchito. Ndikudziwa kuti njala ilibe tchuthi, ndipo amene wakhuta sayenera kuphunzitsa wanjala kusala. Walira mvula walira matope, n'zoona, koma matope ake tingathe kuwachepetsa. Chimene akafukufuku anachitsimikiza kalekale n'chakuti mdani wa fumbi ndi madzi. Nyowetsani mwala musanauswe, ndipo muziuwaza pamene mukuswa. Bowolani ndi madzi, dulani ndi madzi. Mukaphulitsa m'dzenje musathamangire kulowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo fumbi losaoneka lija limatenga maola ambiri lisanakhazikike. Khalani kumene mphepo ikuchokera, osati kumene ikupita. Posesa wazani madzi. Zovala zantchito musakazikutumulire m'nyumba mogona ana. Kansalu kapena mpango wapamphuno umagwira fumbi lalikulu lokha, loopsalo limadutsa ngati madzi m'dengu. Chofunika ndi chophimba chopangidwira fumbi, monga cha N95, chogwira bwino pankhope, ndipo nachonso n'chongothandizira madzi, sichilowa m'malo mwake. Inu ana anga aakazi, mwana musamubereke pa mulu wa miyala. Gwirizanani, mmodzi azikhala ndi ana patali pamthunzi mosinthana. Ndipo mkaka, umene ambiri amati umatsuka fumbi, ndi chakudya chabwino koma umapita m'mimba, kumapapo sufika.

Mabala osatuluka magazi alipo ambiri, ndingotchulako awiri. Mnyamata wa pachigayo amene amaweruka makutu akulira, ndipo pocheza amati "mwati bwanji?" kawirikawiri, akuvulala. Phokoso lopitirira madesibelo 85 tsiku lonse limapha timinyewa ta m'khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Chizindikiro chake n'chapafupi: ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene ali pafupi, poti mungamugwire ndi dzanja, akumveni, phokosolo lakwana kuwononga. Winanso ndi wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, amene madzulo amamva chizungulire, mutu ndi nseru, n'kumati ndi malungo. Nikotini amalowera pakhungu. Bungwe la Plan International linanena mu 2009 kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi amatha kulowetsa m'thupi nikotini wofanana ndi ndudu 50 pa tsiku. Mwana asalowe m'munda wa fodya kukathyola, ndipo wamkulu adikire masamba aume, avale zotchinga manja, asinthe malaya akanyowa, asambe ndi sopo.

Inu olemba anzanu ntchito, eni makwale, eni zigayo, eni maesiteti: wakutsina khutu ndi mnansi. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 lilipo, la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 liliponso. Koma ine sindikukuopsezani ndi lamulo. Ndikukukumbutsani kuti mnyamata amene mukumulipira pa tsikuyo akukugulitsani mphamvu za lero, sanakugulitseni mpweya wa ukalamba wake. Thanki ya madzi, paipi ndi zotsekera m'makutu mtengo wake sufika pa bokosi la maliro. Ndipo inu ogwira ntchito, mukavulala, ngakhale bala lioneke laling'ono, nenani tsiku lomwelo, kalandireni kalata ya kuchipatala, kadziwitseni a leba, sungani pepala lanu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Inu madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, ndikudziwa mzere umene umakudikirani m'mawa uliwonse, ndipo sindikukuwonjezerani katundu wolemera. Ndi funso limodzi, ndi mzere umodzi m'kabuku. Munthu akabwera ndi TB kachiwiri, kapena wamaliza mankhwala koma befu sakutha, mufunseni kumene anagwira ntchito kuyambira ali mnyamata, osati ntchito ya lero yokha, pakuti lero adzakuyankhani kuti ndi mlimi. Amalume akanafunsidwa akanayankha chimodzimodzi poyamba, kenaka akanakufotokozerani za makina obowolera amene ankawagwedeza mpaka mano, ndi malovu amene ankatuluka otuwa poweruka. Ankakonda kuzisimba nkhani zimenezo madzulo pamoto. Tinkazimva ngati nthano. Ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe kuli kaundula wa ovulala amene anayamba mu 2008, ndipo watithandiza kudziwa zambiri za ngozi zapamsewu ndi mabala ena. Ndi ntchito yabwino. Koma kaundula wa pakhomo la chipatala amawerenga amene afika akutuluka magazi. Inu ana athu a m'sukulu za ukachenjede amene mukufuna mutu wa kafukufuku, chitani zimene anachita anzanu ku Thamaga ndi ku Libode. Tengani makina ojambulira, pitani kumidzi kumene kuli nkhalamba za Wenela zotsala, pitani kumakwale ndi kumaenje a golide. Nkhalambazo zikutha chaka ndi chaka, ndipo iliyonse ikupita ndi umboni wake m'manda.

Akazi a amalume anakhala zaka zina zambiri. Nditawerenga za silikosisi koyamba, ndili kale bambo wa ana, ndinakwera basi kupita kukawauza. Ndinawapeza akusola chimanga pakhonde. Ndinawafotokozera za fumbi, za zipsera, za amuna a ku Botswana ndi ku Lesotho amene anafa imfa yofanana, akazi awo osathira mchere uliwonse wolakwika. Anakhala chete nthawi yaitali, manja ali m'lichero. Kenaka anandifunsa ngati ndingakanene mawu omwewo pamaso pa amfumu ndi abale a malemu, mokweza, tsiku la Sabata anthu akatuluka m'tchalitchi. Ndinakanena. Ena mwa amene anawaloza chala anali atamwalira kale.

Ngati kwanu kuli agogo amene anapita kumigodi, sabata ino tengani kope ndi cholembera, mukakhale nawo pamphasa. Lembani dzina limene ankagwiritsa ntchito kumeneko, chifukwa ambiri analembetsa ndi dzina lina. Lembani dzina la mgodi, zaka zimene analowa ndi kutuluka, ntchito imene ankagwira pansipo, ndi nambala yawo ya Wenela kapena ya Theba. Mudzadabwa kuti ambiri amaikumbukira pamtima ngakhale aiwala zaka zawo zobadwa. Mapepala amene alipo ajambuleni pafoni, enieniwo muwakulunge m'pulasitiki, muwaike pamwamba posafika chiswe. Mukatero muwaperekeze kuchipatala, kabuku kali m'manja.